Sikirini yada koma fani ikulirabe: zimene zimachitika mukadina batani lozimitsira kompyuta

M'masukulu, m'maofesi ndi m'timalo tosindikizira makalata pa boma la Mulanje, pa Chitakale kapena ku Limbuli, amene amatseka chitseko madzulo nthawi zambiri si amene amasunga pasiwedi ya kompyuta. Amakhala mphunzitsi amene watsalira kuchonga makope, mtsikana wothandiza pa kauntala, mwinanso alonda. Munthu ameneyu akafika pa kompyuta amapeza tsamba lolowera, lija lofunsa dzina ndi pasiwedi, ndipo chimene angathe kuchita popanda kulowa n'chimodzi chokha: kudina kabatani ka pakona kolembedwa Shut Down kapena Power Off. Akadina, sikirini imada, iye n'kukoka chitseko, ulendo wa kunyumba. M'mawa wotsegula amapeza bokosi lili lofunda, fani ikulira, kagetsi ka kutsogolo kakuyaka. Kompyuta yachezera usiku wonse, chonsecho wotseka uja sanalakwitse kalikonse.

Vutoli limaoneka laling'ono mpaka mutakhala pansi n'kuwerengera. Tiyerekeze kuti bokosi limodzi likasiyidwa chiyakire likudya mawati 40. Nambalayi ndangoiika kuti tiwerengere nayo, chifukwa makina ena amadya zochepa, ena akale amadya zoposa pamenepa. Kuyambira 5 koloko madzulo kufika 7 koloko m'mawa ndi maola 14, ndiye kuti bokosi limodzi ladya kupitirira theka la yuniti. Chipinda cha makompyuta 20 chataya mayunitsi 11 usiku umodzi, popanda mwana ndi mmodzi yemwe kuphunzirapo kanthu. Kumene amadalira sola zimapweteka kwambiri: mabatire amadzuka ali otheratu, ndipo batire lozolowera kutheratu chonchi silikhalitsa. Chiperoni chikagwira masiku angapo dzuwa osaoneka, zomwe zatayika usiku sizibwereranso masana. Ngakhale kwa Bondo, kumene magetsi amapangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, mphamvu ndi yogawana mudzi wonse, si yoti bokosi lopanda munthu lizidya usiku.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti kusazima kuli mitundumitundu. Kompyuta ina imada sikirini koma fani n'kumazungulirabe. Ina imazima ndithu, pakapita masekondi awiri atatu n'kudziyatsanso yokha. Pa ina kabatani kaja kamafunsa pasiwedi ya woyang'anira makina, kapena sikaoneka n'komwe. Ndiye pali ina, makamaka ya Windows, imene imazima bwinobwino m'maso mwathu, fani zii, koma mawa lake imadzuka ndi mavuto onse adzulo. Zonsezi zimachokera kosiyana, ndipo njira yokonzera china siikonza chinzake. Kuti munthu adziwe pogwira, ayenera kudziwa kaye kumene uthenga wa kabatani kaja umadutsa.

Kale kompyuta sinkatha kudzizimitsa. Makina a mtundu wa AT anali ndi swichi yeniyeni yodula magetsi ochokera kukhoma. Windows 95 ikamaliza kutseka zonse inkangolemba pa sikirini kuti tsopano mukhoza kuzimitsa, munthu n'kudina swichi ija ndi chala. Mu 1995 kampani ya Intel inatulutsa dongosolo la ATX, limene mabokosi ambiri amatsatira mpaka lero. Batani la kutsogolo linasiya kukhala swichi ya magetsi, linangokhala lopereka chizindikiro ku motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa bokosi limene zida zonse zimalumikizidwapo. Motherboard ndiyo imauza power supply, chipangizo cholandira magetsi a kukhoma n'kuwagawa m'bokosimo, kuti yatsa kapena zimitsa, kudzera pa waya mmodzi wobiriwira. Palinso waya wina, wa mtundu wa pepo, amene amapereka mavoti 5 nthawi zonse bola pulagi ili pa soketi, kuti motherboard izitha kumva batani likadinidwa. Kuyambira pamenepo kuzimitsa kunasanduka nkhani yopemphana pakati pa mapulogalamu ndi zitsulo.

Kupemphanako kunafunika chinenero chimodzi. Choyamba chinali APM, cha Intel ndi Microsoft, mu 1992. Mu 1996 Intel, Microsoft ndi Toshiba anatulutsa ACPI, yomwe ikugwirabe ntchito. ACPI inagawa moyo wa kompyuta m'magawo. S0 ndi pamene ikugwira ntchito. S3 ndi kugona: zonse zimene munatsegula zimasungidwa mu RAM, malo amene kompyuta imasungamo zinthu mongoyembekezera ikamagwira ntchito, ndipo RAM imafuna magetsi pang'ono kuti isaiwale, kotero magetsi akazima ntchito yosasevedwa yapita. S4 ndi pamene za mu RAM zakoperedwa pa disiki, makina n'kuzima. S5 ndiye kuzima kumene tikufuna pano: palibe chasungidwa, fani yaima, disiki yaima, mawa zonse ziyambira pachiyambi. Funso lonse la nkhani ino n'lakuti, kodi kabatani ka pa tsamba lolowera kakufikitsa makina pa S5, kapena kakuwasiya panjira?

Ndiyambe ndi Linux, dongosolo lina loyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, chifukwa kuyambira pa 14 Okutobala 2025, pamene Microsoft inathetsa chisamaliro chanthawi zonse cha Windows 10, ndiyo njira imene yatsala kwa makompyuta ambiri akale amene Windows 11 imawakana. Pa Linux tsamba lolowera ndi pulogalamu payokha, imene amaitcha display manager. Ubuntu imagwiritsa ntchito GDM, Linux Mint ndi Xubuntu amagwiritsa ntchito LightDM, Kubuntu ndi Lubuntu SDDM. Pulogalamu imeneyi ilibe mphamvu yodula magetsi. Imangopempha. Pempholo limapita kwa systemd-logind, pulogalamu yoyang'anira olowa ndi otuluka, yomwe imayamba yafunsa polkit, pulogalamu yoona za zilolezo, ngati wopemphayo ndi wololedwa. Polkit ikalola, systemd, imene imayatsa ndi kutseka mapulogalamu pa Linux, imauza mapulogalamu onse kuti atseke, zonse zimene zinali kudikira mu RAM zimalembedwa pa disiki, ma disiki amamasulidwa mwadongosolo, kenako kernel, womwe ndi mtima wa Linux, imauza motherboard kudzera pa ACPI kuti lowa mu S5. Uthenga ukhoza kufera pa malo alionse mwa amenewa.

Malo oyamba kukayikira, makamaka pa makina oikidwa kalekale kapena a Linux zopepuka, ndi lamulo lenileni limene kabatani kamatumiza. Linux ili ndi malamulo awiri amene anthu amawayesa amodzi: halt ndi poweroff. Onse awiri amatseka mapulogalamu ndi kusamala disiki mofanana. Amasiyana pa sitepe yomaliza. Halt imaimitsa purosesa n'kulekera pomwepo, magetsi akulowabe. Poweroff imapitiriza mpaka kuuza motherboard kuti idule magetsi. Zili ngati minibasi imene yafika pa siteji ya Limbuli, anthu onse atsika, katundu watsitsidwa, dalaivala wachoka pampando, koma injini waisiya ikulira. Ulendo watha ndithu, mafuta okha akupita.

N'chifukwa chiyani wina angalembe halt pa kabatani kozimitsira? Sikuti anali wosadziwa. Kwa zaka zambiri, pa Linux zambiri, kulemba halt kunkazimitsiratu makina chifukwa dongosolo lakale linkawonjezera lokha sitepe yomaliza ija. Pa Debian panali fayilo ya /etc/default/halt yokhala ndi mzere woti HALT=poweroff, womwe unkachita zimenezi. Pamene systemd inalowa, ku Debian ndi ku Ubuntu mu 2015, malamulo awiriwa anapatulidwa, lililonse n'kumachita ntchito yake yokha. Mafayilo akale ndi malangizo akale a pa intaneti anatsala ndi halt wawo. Munthu akakopera lero malangizo olembedwa nthawi imeneyo, kompyuta imamvera ndendende zimene yauzidwa: imaima, osazima. Samalaninso ndi zilembo: pa makina a systemd, shutdown -h now imazimitsiratu, koma shutdown -H ya chilembo chachikulu imangoimitsa. Ofuna kusakayika amalemba shutdown -P now kapena systemctl poweroff.

Musanatsegule fayilo iliyonse, chitani mayeso amodzi amene amagawa vuto pakati. Lowani mu kompyuta ndi dzina la woyang'anira, tsegulani terminal, zenera lolembamo malamulo, lembani sudo systemctl poweroff, kenako khalani pomwepo muone. Ikazima yonse, fani zii, kagetsi kazima, ndiye kuti kernel, ACPI ndi motherboard zonse zili bwino, vuto lili pamwamba, pa tsamba lolowera. Ikapanda kuzima ngakhale ndi lamulo limeneli, tsamba lolowera lilibe mlandu, ndipo kusintha GDM kuika LightDM kungokutayitsani nthawi ndi bandulo. Ndimaona anthu ambiri akudumpha mayeso amenewa n'kuthamangira kufufuta Linux yonse kuti aikenso, chonsecho ndi ntchito ya mphindi imodzi.

Tinene kuti yazima. Dziwani kaye pulogalamu imene ikuonetsa tsamba lolowera. Pa Debian, Ubuntu ndi Mint, lamulo la cat /etc/X11/default-display-manager limakuuzani. Ikakhala SLiM, imene imapezeka pa makina ofooka, tsegulani /etc/slim.conf mufune mzere woyamba ndi halt_cmd. Ikakhala KDM ya KDE yakale, mzere wake ndi HaltCmd, mu fayilo ya kdmrc pansi pa mutu wa Shutdown. SDDM nayo ili ndi HaltCommand mu /etc/sddm.conf pansi pa mutu wa General. Mukapeza pamenepo palembedwa halt yekha, sinthani palembedwe /sbin/poweroff, kapena /usr/bin/systemctl poweroff ngati makinawo ali ndi systemd. Lembani njira yonse yofikira ku lamulolo, osati dzina lokha, chifukwa tsamba lolowera silifufuza malamulo m'malo onse amene terminal yanu imafufuza. Lamulo la which poweroff limakuonetsani pamene lili. Ndipo musanasinthe chilichonse, koperani fayiloyo muisunge pambali ndi dzina lina. Chilembo chimodzi chikalakwika pamenepa, tsamba lolowera likhoza kukana kutseguka mawa lake.

GDM ya masiku ano ndi LightDM zilibe mzere wotere, zimangodutsa kwa logind. Zikakana kuzimitsa, kawirikawiri nkhani ndi ya chilolezo, ndipo apa ndipempha kuti tisafulumire kuona ngati makina awonongeka. Tsamba lolowera ndi tsamba lokhoma zimafanana maonekedwe koma n'zosiyana. Mwana wasukulu akadina Lock kapena Switch User m'malo mwa Log Out, ntchito yake ikadali yotsegula kuseri, mwina ndi kalata imene sanaiseve. Polkit ili ndi zilolezo ziwiri zosiyana: org.freedesktop.login1.power-off cha kuzimitsa wamba, ndi china cha dzina lomwelo lothera ndi power-off-multiple-sessions cha kuzimitsa pamene wina akadali mkati. Chachiwirichi ndi chimene, pa makina ena, chimafunsa pasiwedi ya woyang'anira. Lamulo la loginctl list-sessions limaonetsa amene akadali mkati. N'zotheka kulemba lamulo la polkit lolola aliyense kuzimitsa ngakhale ena ali mkati, ndipo m'chipinda chophunziriramo, mmene palibe amasunga ntchito yofunika usiku, ndingavomereze. Koma mu ofesi ya akaunti kapena ya malipiro a antchito a m'minda ya tiyi, ayi. Kumeneko kukana kwa makina kukuteteza ntchito ya munthu, ndipo chofunika n'kuphunzitsa aliyense kutuluka ndi Log Out.

Tsono tinene kuti ngakhale pa terminal sinazime. Apa muyenera kuona zimene kompyuta ikunena pozima, zomwe zimabisidwa kuseri kwa chithunzi cha Ubuntu kapena Mint. Chithunzicho chikaoneka dinani Esc, mizere iyamba kuyenda. Nthawi zambiri mupeza mzere wonena kuti A stop job is running, ndi nambala zikuwerenga. Apa kompyuta sinafe, ikudikira pulogalamu ina imene ikukana kutseka, ndipo pa makina ambiri systemd imaipatsa masekondi 90 isanaitseke mokakamiza. Masekondi 90 ndi ambiri kwa munthu amene akuthamangira kabaza kusanade. Amaona ngati yakanika, n'kuzula pulagi, pomwe ikanazima yokha akanangodikira. Dzina la pulogalamu yochedwetsayo limalembedwa pa mzere womwewo. Kawirikawiri imakhala ya netiweki, monga foda ya pa kompyuta ina imene yazimitsidwa kale. N'chifukwa chake m'chipinda chokhala ndi seva, kompyuta imene imatumikira zinzake, sevayo iyenera kuzima pomalizira.

Ikadutsa zonsezi n'kuima, werengani mzere womalizira weniweni, chifukwa umanena zambiri. Ukakhala wakuti System halted pomwe inu munalamula poweroff, ndiye kuti kernel yasowa njira yodulira magetsi, yangoimitsa makina m'malo mwake. Chifukwa chofala n'chakuti ACPI inatsekedwa. Lembani cat /proc/cmdline muone ngati pali mawu oti acpi=off. Mawu amenewa amalowa motere: tsiku loika Linux kompyuta inakana kuyaka, woikayo anapeza malangizo oti awonjezere acpi=off, inayaka, aliyense anasangalala, mawuwo n'kutsala momwemo mpaka kale. Koma kutseka ACPI ndi kutseka njira yomwe ija yofikira pa S5. Yesani kaye kamodzi kokha: poyatsa, pa tsamba la GRUB, limene limaoneka Linux isanayambe, dinani e, fufutani acpi=off, dinani F10. Ikayaka bwino n'kuzimanso bwino, kachotseni mawuwo mu /etc/default/grub pa mzere wa GRUB_CMDLINE_LINUX_DEFAULT, kenako sudo update-grub. Kuyesa kotere n'kwabwino chifukwa zikavuta mungozimitsa n'kuyatsanso, zonse zibwerera mwakale. Pa makina akalekale, a cha m'ma 2000, nthawi zina pamafunika zotsutsana nazo, acpi=force, kukakamiza kernel kuti ikhulupirire BIOS yakaleyo, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba kugwira ntchito mukangoyatsa makina.

Mzere womalizira ukakhala wakuti Power down koma fani ikulirabe, Linux yamaliza mbali yake, motherboard ndiyo sinamvere. Lowani mu BIOS mubwezeretse zonse mmene zinachokera ku fakitale, muonenso kuti ACPI ndi yotsegula. Zulani zonse za pa USB kupatula kiyibodi, muyesenso. Kenako muzibweza chimodzichimodzi mpaka mutapeza chovutitsa. Ma driver, mapulogalamu oyendetsa zida, a khadi la zithunzi ndi a Wi-Fi nawo amatha kugwira makina pa sitepe yomalizayi. Kuika BIOS yatsopano kumathetsa ena mwa mavuto otere, koma kuno kwathu musayerekeze kuchita zimenezi popanda UPS, bokosi la batire lopereka magetsi akazima, kapena inveta yodalirika. Magetsi akazima BIOS ili pakati polembedwa, motherboard ikhoza osadzukanso.

Ija yozima n'kudziyatsanso yokha nkhani yake ndi yaifupi. Pali chinthu chimene chikuidzutsa, ndipo chimatha kutero chifukwa cha mavoti 5 aja amene sachoka. Mu BIOS tsekani Wake on LAN, komwe ndi kudzutsidwa kudzera pa netiweki, ndi kudzutsidwa ndi USB, ndipo ngati pali ErP kapena Deep Sleep tsegulani. Yang'ananinso gawo limene Dell amalitcha AC Recovery, ena After Power Loss kapena Restore on AC Power Loss. Likakhala pa Power On, magetsi akazima usiku n'kubweranso, kompyuta imene inazimitsidwa bwinobwino imadziyatsa yokha. Ambiri amene amadzudzulidwa m'mawa kuti sanazimitse makina amalakwiridwa ndi gawo limeneli. Liikeni pa Power Off.

Pa Windows nkhani ndi ina. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, Shut down sikuzima kwathunthu ayi. Microsoft inabweretsa chimene imachitcha Fast Startup, ndipo pa makina ambiri chimabwera chotsegula kale. Mukadina Shut down, kaya muli mkati kaya pa tsamba lolowera, Windows imatseka mapulogalamu anu n'kukutulutsani, koma kernel ndi ma driver sizitsekedwa. Zimakoperedwa mu fayilo yobisika yotchedwa hiberfil.sys, makina n'kuzima. Mawa lake Windows imangowerenga fayiloyo n'kupitiriza pamene inalekera. Kunena chilungamo, apa mayunitsi sakutayika, fani imaima ndithu, ngakhale pa makina ena akale ma driver osagwirizana ndi njirayi amachititsa kuti kuzimako kuime panjira. Chimene chimatayika ndi kuyamba mwatsopano. Driver wa pulinta akasokonekera Lolemba, kusokonekerako kumasungidwa n'kudzukanso Lachiwiri. Mukafuna umboni, tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, pa CPU, muone pamene palembedwa Up time. Kompyuta imene imazimitsidwa madzulo alionse ikhoza kuonetsa kuti yakhala ikuyaka masabata. N'chifukwa chake Restart imakonza zinthu zimene Shut down yalephera: Restart siidutsa njira yachiduleyi, imatseka zonse n'kuyamba pachiyambi.

Amene ali ndi Windows ndi Linux m'kompyuta imodzi ayenera kusamala kwambiri. Windows ikazima mwa njira ya Fast Startup imasiya disiki yake ngati ikadali m'manja mwake. Linux ikaona zimenezi imakana kulembapo, imangolola kuwerenga, ndipo imachita bwino kukana, chifukwa kulemba pa disiki imene Windows ikuyembekeza kuipeza mmene inaisiyira kumawononga mafayilo.

Kuzimitsiratu kamodzi kokha n'kosavuta: gwirani Shift pa kiyibodi pamene mukudina Shut down, ndipo zimagwira ntchito ngakhale pa tsamba lolowera. Samalani kuti ikhale Shut down, chifukwa Shift ndi Restart imakutengerani ku tsamba la buluu lokonzera makina. Koma kudalira kuti wotseka chitseko azikumbukira Shift madzulo alionse si dongosolo. Konzani kamodzi basi. Mu Control Panel pitani pa Power Options, kenako Choose what the power buttons do, dinani Change settings that are currently unavailable, chotsani chizindikiro pa Turn on fast startup, dinani Save changes. Kusinthaku kumakhudza makina onse, kuphatikizapo kabatani ka pa tsamba lolowera. Njira ina ndi kutsegula Command Prompt ngati woyang'anira n'kulemba powercfg /h off, zomwe zimachotsa Fast Startup pamodzi ndi Hibernate, yomwe ndi S4 ija, ndi fayilo ija. Pa bokosi la pa tebulo zili bwino. Pa laputopu sindingalimbikitse, chifukwa Hibernate ndi imene imapulumutsa ntchito yanu batire likamatha magetsi kulibe. Kompyuta izichedwerapo pang'ono poyaka, makamaka ya disiki yozungulira. Ya SSD kusiyana kwake n'kochepa. Pa makina ogawana anthu ambiri, masekondi amenewo ndi mtengo wochepa.

Kabatani kakasoweratu pa tsamba lolowera la Windows, ndiye kuti wina anakatseka dala kapena makinawo anabwera choncho kuchokera ku kampani imene inkawagwiritsa ntchito kale. Pa Windows za mtundu wa Pro tsegulani secpol.msc, pitani pa Local Policies, Security Options, mufune mzere woti Shutdown: Allow system to be shut down without having to log on, muuike pa Enabled. Pa seva umabwera wotseka, ndipo pamenepo usiyeni choncho.

Zonsezi zikamavuta, anthu amathawira ku njira ziwiri: kukanikiza batani la pa bokosi mpaka lizime, kapena kuzula pulagi. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa kudina batani limenelo kamodzi ndi kulikanikiza. Kudina kamodzi, pa makina ambiri, ndi pempho laulemu lofanana ndi la pa sikirini, ndipo limadutsa njira yonse ija yotseka mapulogalamu. Kulikanikiza masekondi 4 kumauza motherboard kuti idule magetsi osafunsa aliyense. Vuto lake n'lakuti mukaseva fayilo, sikuti nthawi yomweyo yafika pa disiki. Zina zimayamba zadikira mu RAM. Magetsi akaduka pa nthawi imeneyo, fayilo imatsala yoduka, ndipo tsiku lina chimaduka ndi chinthu chimene Windows kapena Linux imafuna poyaka. Kompyuta imene yafika pa System halted kapena Power down ilibe chiopsezo chimenechi, chifukwa disiki yasamalidwa kale; pamenepo kukanikiza batani sikuwononga kanthu. Choopsa n'chizolowezi. Munthu akazolowera kuti makina awa amazima ndi kukanikiza, sadikiranso kuti afike pamapeto, ndipo amakachitanso chimodzimodzi pa makina ena onse.

Ngakhale kabatani katakonzedwa, S5 si kuchotsa magetsi. Mavoti 5 aja akadalipo, ndipo chingwe chikadalumikiza power supply ndi mawaya a panja. Kuno kumunsi kwa phiri, mvula ya mabingu ikayamba cha mu Novembala, zimenezi si nkhani yongokamba. Mphenzi ikagunda pafupi, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima, kompyuta yozimitsidwa bwino ikhoza kupsa ili pa soketi. Dongosolo la madzulo likhale lotere: kudina kabatani ka pa sikirini, kudikira mpaka fani itaima ndi kagetsi katazima, kenako kuzimitsa swichi ya pa soketi. Nyengo ya mphenzi pulagi izulidwe ndithu, pamodzi ndi chingwe cha netiweki ngati chikuchokera ku nyumba ina, chifukwa mphenzi imadutsanso m'menemo. UPS nayo izimitsidwe makompyuta akazima, kuti batire lake lisathere pachabe magetsi akapita usiku.

Kuzimitsa pakhoma usiku ulionse kuli ndi kamtengo kake kamene ndi bwino kukadziwiratu. Pa motherboard pali kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo, ka CR2032, ka mavoti 3, kamene kamayendetsa wotchi ndi kusunga zimene munasankha mu BIOS pamene magetsi a kukhoma kulibe. Pa makina akale amene masukulu amalandira, kabatireka kamakhala katatopa kale, ndipo mukayamba kuzula pulagi kufooka kwake kumaonekera msanga. Chizindikiro chake ndi deti yobwerera zaka zambiri m'mbuyo, masamba a pa intaneti okana kutseguka ponena kuti si otetezeka, kapena uthenga wofuna kuti mudine F1 poyaka. Choipa kwambiri n'chakuti kakafa, zimene munakonza mu BIOS, monga Wake on LAN ndi AC Recovery, zikhoza kubwerera mwakale, vuto lija n'kuyambiranso ngati simunaligwirepo. Ngati mukukonza chipinda chonse, sinthani timabatire timeneti tsiku lomwelo musanalowe mu BIOS, kenako zungulirani makina onse limodzi ndi munthu amene amatseka chitseko, adine yekha kabatani ka pa tsamba lolowera pa bokosi lililonse, nonse mukumvetsera ngati fani yaima.